Ng'ala imachotsedwa, nanga agogo akukhaliranji mumdima?

M'midzi yambiri kuno ku Dedza, kuyambira kumapiri a Bembeke mpaka kutsetsereka ku Golomoti, mumapezeka khomo limene aliyense amalidziwa, la agogo amene anasiya kuona. M'mawa amawatulutsa n'kuwakhazika pamphasa kuti aothe dzuwa. Nsima ikapsa amawagwiritsa dzanja pambale. Akafuna kupita kuseri pamafunika kamdzukulu kogwira kunsonga kwa ndodo, ndipo kawirikawiri kamakhala kamtsikana kamene tsiku limenelo kanayenera kukhala m'kalasi. Mukafunsa chimene chinawachitikira, yankho silichedwa: "Ndi ukalamba." Yankho limeneli limatseka nkhani, chifukwa palibe amene amakwera kabaza kupita kuchipatala kukafuna mankhwala a ukalamba.

Chonsecho ambiri mwa agogo oterewa akhoza kuonanso. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lake loyamba la za maso, ndipo linati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona. Mwa amenewa, osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapeweka, kapena thandizo lake lilipo koma silinawafike. Kwathu kuno, kafukufuku amene anachitika m'chigawo chakummwera cha m'ma 2010 pakati pa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo anapeza kuti anthu oposa 3 mwa 100 alionse sankaona ndi maso onse awiri, ndipo pafupifupi theka la iwo chinawatseka maso ndi ng'ala.

Mawu oti ng'ala timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana, ndiye ndi bwino kuzisiyanitsa. Kutsogolo kwa diso kuli kachikuto koonekera ngati galasi la wotchi. Kachikutoka kakavulala, kaya ndi tsamba la chimanga kaya ndi chilonda, kamapola ndi chipsera choyera chimene chimakhala pamwamba penipeni pa diso. Ng'ala imeneyi ndi yovuta kuchiza, poti njira yake ndi kusokererapo kachikuto kena kochokera kwa munthu wina, chinthu chosowa kwambiri kuno. Ng'ala inayo ili mkati. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachibadwa, kosaposa njere ya nyemba, kamene kamasonkhanitsa kuwala kuti zinthu zioneke bwino. Munthu akamakula kagalasika kamayamba kuchita mbuu. Poyamba amaona ngati nkhungu ya mu Juni yakuta phiri la Dedza ndipo siikuchoka. Kenaka nkhope za anthu amazizindikira ndi mawu okha. Mapeto ake amangosiyanitsa usana ndi usiku. Zonsezi zimachitika mosapweteka. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala kwa diso ndi dzuwa la zaka zambiri kumunda zimafulumizitsa vutoli, koma ngakhale wopanda zonsezi, akakhala ndi moyo wautali, ng'ala imamupeza.

Palibe mankhwala odontheza, akumwa kapena azitsamba amene amasungunula ng'ala yamkatiyi. Imachoka ndi opareshoni basi. Wodwala samugonetsa tulo. Amamubaya mankhwala ochititsa dzanzi pambali pa diso, dokotala n'kutsegula kampata kakang'ono m'mphepete mwa disolo, kutulutsa kagalasi kowonongekako, n'kulowetsamo kena kapulasitiki kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Kwa dokotala wozolowera, ntchitoyi imatha m'mphindi 15 kapena 20. Diso silichoka m'malo mwake. M'mawa mwake amamatula bandeji.

Akuluakulu amakumbukira kuti kale anthu ochitidwa opareshoni ankabwerako ndi magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Nthawi imeneyo timagalasi tolowetsa m'diso tinali todula kwambiri, kamodzi kankapitirira madola 100, ndiye ankangochotsa ng'ala n'kumupatsa munthu magalasi akunjawo. Akasweka kapena kutayika, khungu linkabwerera. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990 pamene fakitale ya Aurolab ku India, ndi mafakitale amene bungwe la Fred Hollows Foundation linathandiza kumanga ku Eritrea ndi ku Nepal, anayamba kupanga timagalasiti pamtengo wa madola ochepa chabe. Kuchokera pamenepo opareshoni ya ng'ala inakhala imodzi mwa ntchito zachipatala zimene phindu lake limaposa kutali ndalama zolowapo.

Mu 1999 WHO pamodzi ndi bungwe la IAPB, limene limasonkhanitsa mabungwe olimbana ndi khungu, anakhazikitsa ndondomeko yotchedwa VISION 2020, yofuna kuthetsa khungu lopeweka pofika chaka cha 2020. Maiko a mu Africa anapatsidwa mlingo woti pa anthu 1 miliyoni alionse pazichitika maopareshoni a ng'ala 2,000 pachaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 830,000 m'boma la Dedza ndi pafupifupi 660,000 m'boma la Ntcheu. Powerengera, ndiye kuti Dedza yekha amafunika maopareshoni oposa 1,600 chaka chilichonse, ndipo Ntcheu oposa 1,300. Dziko lathu silinafikepo pamlingo umenewu, ndipo otsala chaka chino amaunjikana ndi a chaka chamawa.

Chimodzi mwa zifukwa ndi kuchepa kwa madokotala, ndipo tifikapo. Koma ngakhale tsiku limene gulu la madokotala a maso lafika pachipatala cha boma, si onse ofunika thandizo amene amabwera. Izi ndinaziona pakhomo pathu. Azakhali anga a kumbali ya Mayani anakhala zaka zinayi osaona, ndipo pa zaka zonsezo ife tinkadziwa kuti chipatala cha Nkhoma, chimene chinatchuka kalekale ndi ntchito ya maso, sichili kutali kwenikweni. Iwo ankakana. Anali atamva kuti kumeneko amakolowola diso n'kulitsuka m'mbale, ena n'kumati amaikamo la mbuzi. Tikawalimbikitsa ankayankha kuti, "Mwana wanga, ndaona zambiri padziko pano. Ndalamazo gulira feteleza." Mawu amenewa ankandipweteka, chifukwa mkati mwake munali kudziyesa chabe. Nkhalamba, makamaka yaikazi, imaona ngati kuwononga ndalama za banja pa iyo ndi kulanda ana chakudya. Ndipo ndalamazo si zochepa, ngakhale kumene opareshoniyo ndi yaulere monga m'zipatala za boma. Wosaona sayenda yekha, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri, chakudya ndi cha anthu awiri, ndipo wowaperekezayo wasiya dimba lake masiku atatu.

Amene anawagonjetsa si ife ophunzira ayi. Anali mnzawo wa ku Chigwirizano amene anachitidwa opareshoni chaka chomwecho. Anafika masana ena, n'kukhala nawo pamphasa, n'kunena kuti, "Inu Naphiri, mukuopa chiyani? Ine ndemwe ndinkagwidwa dzanja popita ku tchalitchi. Lero ulusi pasingano ndikulowetsa ndekha. Gwirani diso langali, la mbuzi limeneli?" Sabata yotsatira azakhali anavomera. Anthu ogwira ntchito ya maso amadziwa bwino zimenezi: munthu mmodzi wobwerako akuona amakoka anzake ambiri, ndipo mmodzi wobwerako osaona bwino amabweza mudzi wonse.

Kuti timvetse chifukwa chake ng'ala ikutivutabe, ndi bwino kuyang'ana kumene tinapambana. Mu Seputembala 2022 WHO inatsimikiza kuti dziko la Malawi lathetsa trakoma, matenda a maso opatsirana, ngati vuto lalikulu la zaumoyo. Tinali oyamba kummwera kwa Africa, kutsatira maiko ngati Ghana, Gambia ndi Togo. Mu 2015 anthu pafupifupi 7.6 miliyoni m'dziko muno ankakhala m'madera a chiopsezo cha matendawa, choncho sichinali chinthu chaching'ono.

Trakoma imayamba ndi kachilombo kotchedwa Chlamydia trachomatis, kamene kamakonda maso a ana. Kamayenda ndi zala, ndi nsonga ya chitenje imene mayi wapukutira mwana uyu kenaka uyo, ndiponso ndi ntchentche zija zimaunjirira pamanthongo ndi pamamina. Ntchentche zimenezi zimaswana m'chimbudzi cha munthu chosiyidwa pamtunda. Kudwala kamodzi sikuchititsa khungu. Koma mwana akamadwala mobwerezabwereza zaka zambiri, mkati mwa chikope mumachita zipsera, chikopecho chimakhwinyatira mkati, ndipo akakula nsidze zimayamba kukanda diso nthawi iliyonse akaphethira. Amayi ndiwo ankavutika kwambiri, poti ndiwo amakhala ndi ana pamiyendo. Ena ankayenda ndi kachitsulo kozulira nsidze atakamangirira pachitenje. Nsidzezo zinkameranso zolimba, mpaka kutsogolo kwa diso kuyera.

Njira yothetsera matendawa imene WHO inalimbikitsa imadziwika ndi dzina loti SAFE, ndipo ili ndi mbali zinayi zoyendera limodzi: opareshoni yobweza chikope, mankhwala opha kachilombo, kusamba kumaso, ndi ukhondo wa pakhomo, kutanthauza zimbudzi ndi madzi. Mankhwala ake, azithromycin, kampani ya Pfizer inkawapereka kwaulere kudzera m'bungwe la International Trachoma Initiative, ndipo ankamwetsa mudzi wonse kamodzi pachaka, wodwala ndi wosadwala yemwe. Ana ankawayeza msinkhu pandodo yokhala ndi mizere kuti adziwe mlingo wa mankhwala. Kuno ntchitoyi inayambira m'maboma ngati Chikwawa ndi Mchinji. Inakula pamene kafukufuku wamkulu wa trakoma, amene anayenda m'maiko 29 pakati pa 2012 ndi 2016, anaonetsa boma ndi boma kumene matendawa anali, ndiponso pamene thumba la Queen Elizabeth Diamond Jubilee Trust linaikapo ndalama kuyambira mu 2014. Unduna wa Zaumoyo unagwira ntchitoyi ndi mabungwe monga Sightsavers ndi BICO ya ku Blantyre, imene anayambitsa Dr Khumbo Kalua. Koma amene anayenda khomo ndi khomo anali alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi, ndipo amene anaitanitsa anthu pabwalo anali mafumu.

Mawu oti "tathetsa" asatipusitse. Tanthauzo lake ndi loti m'boma lililonse ana a zaka 1 mpaka 9 opezeka ndi zizindikiro za matendawa atsika kufika pansi pa 5 mwa 100 alionse, ndipo akuluakulu a nsidze zolowa m'diso amene achipatala sakuwadziwa ndi ochepera 2 mwa 1,000 alionse. Kachilomboko sikanatheretu, ndipo amene zikope zawo zinawonongeka kale akufunikabe opareshoni. Kwa ife a m'malire nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'malo ena, ndiwo malire enieniwo a dziko lino ndi Mozambique. Pamsika wa Lizulu wogulitsa kabichi akhoza kukhala wa ku Angónia, wogula wa kwa Gomani, ndipo onse akulankhula chinenero chimodzi, mwinanso ndi pachibale. Pamene ife tinkalandira uthenga wa 2022 uja, Mozambique, Zambia ndi Tanzania anali akulimbanabe ndi trakoma m'madera awo ena. Ntchentche siima pachipata cha Biriwiri kuonetsa chiphaso. N'chifukwa chake ntchitoyi imayendetsedwa mogwirizana pakati pa maiko, ndipo chimbudzi ndi mpondagiya pakhomo zikufunikabe lero monga zinkafunikira muja.

Kupambana kwina kunachitika mwakachetechete. Kale ana ambiri ankachita khungu chikuku chikawagwira thupi lili loperewera vitamini A. Diso linkauma, n'kuchita chilonda, n'kuphulika m'masiku ochepa. Katemera wa chikuku, kadontho ka vitamini A kamene ana amalandira kusikelo miyezi 6 iliyonse, ndi kuthira vitaminiyu mu shuga ndi m'mafuta ophikira zasintha zinthu kwambiri. Mu 2001 ana aang'ono pafupifupi 59 mwa 100 alionse m'dziko muno anali operewera vitamini A, koma pofika 2016 anali osakwana 4. Mbatata yofiira mkati, maungu, mango, mapapaya ndi ndiwo zamasamba zothira nsinjiro zimagwira ntchito yomweyo.

Kwa anansi athu a ku Neno ndi Mwanza, mpaka ku Thyolo ndi Mulanje, kuli matenda ena otchedwa onchocerciasis, amene amafala ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga. Tinyongolotsi take timayabwitsa thupi koopsa ndipo tikalowa m'maso timawononga. Kampani ya Merck yakhala ikupereka mankhwala a ivermectin kwaulere kuyambira mu 1987, ndipo mu 1995 maiko a mu Africa anayamba ndondomeko ya APOC, imene inasiya ntchito yogawa mankhwalawa m'manja mwa anthu osankhidwa ndi mudzi womwewo. Mankhwalawa amapha ana a nyongolotsi okha, pomwe zikuluzikuluzo zimatha kukhala m'thupi mpaka zaka 15, ndiye kumwa kwake ndi kwa chaka ndi chaka osadumphitsa. Mu Januwale 2025 dziko la Niger linakhala loyamba mu Africa kutsimikizidwa kuti lathetsa matendawa.

Tikaziyang'ana bwino, zonse zimene tapambanazi zikufanana pa chinthu chimodzi. Thandizo lake linkanyamulika m'katoni, n'kufika pabwalo la mfumu kapena pasikelo, ndipo munthu wophunzitsidwa masiku ochepa ankatha kulipereka. Zimene zatsala sizili choncho. Ng'ala ilibe katemera, ndipo siidzatha, chifukwa anthu akamakhala ndi moyo wautali odwala ake amachuluka. Imafuna dokotala, chipinda cha opareshoni, makina oonera tinthu ting'onoting'ono, magetsi osazima pakati pa ntchito, ndi wina wobweretsa wodwalayo kuchokera kumudzi.

Apa ndiye pamene mgwirizano wa maiko a m'chigawo chino uli ndi phindu lalikulu, ndipo Malawi ali ndi mbiri yake yonyaditsa. Dr Moses Chirambo, dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi, amene anadzakhala nduna ya zaumoyo mu 2009 n'kumwalira mu 2010, anaona kale kuti tikamadikira madokotala akuluakulu okwanira, mibadwo ingapo ifa mumdima. M'zaka za m'ma 1980 anatsogolera maphunziro a za maso ku Lilongwe, kusukulu imene lero ndi Malawi College of Health Sciences, kumene makiliniko ofesala ochokera kuno ndi kumaiko ena a kummwera kwa Africa ankaphunzira kuyeza ndi kuchiza maso, ena mpaka kuchotsa ng'ala. "Adokotala a maso" amene mumawapeza pachipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu kawirikawiri amakhala ochokera m'maphunziro amenewa. Ndiwo amasankha amene angathandizidwe pomwepo, ndi amene ayenera kutumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Madokotala akuluakulu a maso kwa zaka zambiri sankakwana ngakhale mmodzi pa anthu 1 miliyoni m'dziko muno, ndipo ochepawo amakhala m'mizinda. Tsopano amaphunzitsidwa konkuno ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa akatswiri oyeza maso ndi kulembera magalasi. Mu 2012 madokotala a maso a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa anapanga koleji imodzi yotchedwa COECSA, imene likulu lake lili ku Nairobi, kuti maphunziro ndi mayeso zikhale pamlingo umodzi ndipo dziko lochepekedwa lizitha kutumiza anthu ake kukaphunzira kwa anzake. Ku Moshi ku Tanzania kuli malo otchedwa KCCO, amene anayambitsidwa mu 2001 ndi Paul Courtright ndi Susan Lewallen, akatswiri amene anagwirapo ntchito kuno ku Malawi. Kumeneko chidwi chawo chili pa funso lija la azakhali anga: wodwala apezeka bwanji, afika bwanji kuchipatala, ndipo n'chifukwa chiyani amayi amatsalira chonsecho ndiwo ambiri mwa osaona.

Pali matenda ena amene amandiopsa kuposa ng'ala, chifukwa zimene awononga sizibwerera. Glaucoma imawononga mtsempha wonyamula zimene diso laona kupita ku ubongo, nthawi zambiri chifukwa timadzi ta m'diso sitikutuluka bwino ndipo tikupanikiza mkati. Imayambira m'mbalimbali, mosapweteka, diso likuoneka labwinobwino. Munthu amayamba kugunda zitseko ndi kupunthwa pazitsa, koma kutsogolo akuona, ndiye sadandaula. Akamafika kuchipatala diso limodzi limakhala litapita kale. Anthu akuda imatigwira kwambiri ndiponso msanga, ndipo imayenda m'magazi. Ngati bambo, mayi kapena mchimwene wanu anachita khungu diso lake lisanayere, kayezetseni mukangofika zaka 40, ngakhale mukuona bwino. Mankhwala odontheza tsiku ndi tsiku kapena opareshoni zimaimitsa matendawa pamene afika. Vuto ndi loti wodwala saona kusintha kulikonse, ndiye ambiri amasiya mankhwala botolo loyamba likatha, kapena amapeza kuti kuchipatala atha ndipo kufamase ndi odula. Chowawa chinanso n'chakuti wa glaucoma akabwerako kuchipatala osaona, anthu kumudzi amati achipatala alephera, ndipo wa ng'ala amene akanachira amaopa kupita.

Matenda a shuga nawo akuchuluka ngakhale kumidzi, ndipo amawononga timitsempha ta magazi ta kuseri kwa diso. Aliyense wa shuga amayenera kuunikidwa mkati mwa maso kamodzi pachaka, asanayambe kuona zachilendo.

Ndiye pali vuto lofala kuposa onsewa, limene sitiliwerengera n'komwe ngati matenda. Munthu akapitirira zaka 40, zapafupi zimayamba kuvuta. Telala amalephera kulowetsa ulusi, mkulu wa mpingo amatambasula mkono powerenga Baibulo, mayi amapempha mwana kuti amuwerengere uthenga wa ndalama pafoni, ndipo mwanayo amadziwa nambala yachinsinsi ya mayi ake. Magalasi owerengera otsika mtengo amathetsa zimenezi nthawi yomweyo. Aja ogula pamsika amathandiza ndithu, kungoti wogula pamsika palibe amene wamuyeza glaucoma. Kusukulu nako kuli ana amene saona pabolodi, ndipo m'kalasi la ana 100 mphunzitsi sangadziwe msanga. Mwanayo amatchedwa waulesi kapena wogona, chonsecho chimene akusowa ndi magalasi, kapenanso kungomukhazika kutsogolo.

Za mankhwala achikuda ndilankhula mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri tinakulira momwemo. Diso likafiira kapena likalaswa ndi tsamba nthawi yokolola, chimene chili pafupi ndicho chimathiridwamo: madzi a masamba ofinya, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, ena mpaka mkodzo. Kachikuto kakutsogolo kwa diso kakakhala ndi kabala, zinthu zimenezi zimalowetsa tizilombo kapena kuwotcha, ndipo kabala koti kakanapola ndi mafuta a tetracycline kamasanduka chilonda chosiya ng'ala ija yosachotseka. Mankhwala odontheza ogula mwachisawawa nawonso ndi oopsa, chifukwa ena ali ndi mphamvu yoziziritsa kufiira koma amakulitsa chilonda. Kafukufuku wa ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti kunyoza asing'anga sikuthandiza. Chimene chinathandiza ndi kukhala nawo pansi, kugwirizana kuti m'diso musalowe kanthu, ndi kuwaphunzitsa kuzindikira ng'ala kuti azitumiza anthu kuchipatala. Sing'anga amaona odwala maso ambiri amene kiliniko ofesala sadzawaona, ndiye ndi bwino akhale mbali yathu.

Kwa ana aang'ono, nthawi ndiyo chilichonse. Mukaona kadontho koyera pakati pa mwana wa diso la khanda, kapena diso likuwala ngati la mphaka usiku, musadikire kuti akule. Ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo, ndipo ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira zokha, kotero opareshoni yochedwa siibweza kuona konse. Ikhozanso kukhala khansa ya m'diso, imene imapha ikachedwa koma imachizika ikapezeka msanga. Ana oterewa amathandizidwa ku Blantyre. Khanda lotuluka mafinya m'maso m'masiku oyamba nalonso ndi lofunika kuthamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Chaka cha 2020 chinadutsa khungu lopeweka lisanathe. Mu 2021 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana zolinga zatsopano zofika 2030: kuti pa anthu 100 alionse ofunika opareshoni ya ng'ala, othandizidwa awonjezereke ndi 30, ndipo pa 100 alionse ofunika magalasi awonjezereke ndi 40. Chimene ndimakonda pa zolingazi ndi kawerengedwe kake. Sakuwerenga amene anagona patebulo la opareshoni, akuwerenga amene akuona bwino pambuyo pake. Zikutanthauza kuti kuyeza diso bwinobwino kuti kagalasi kolowetsako kakhale koyenera, kubwereranso kuchipatala kukaonedwa, ndi kupeza magalasi ngati akufunika, zonsezi ndi mbali ya ntchitoyo. Maganizo ake ndi oti maso asamadikire sabata yobwera madokotala alendo kapena tsiku lokumbukira za maso padziko lonse, lija limakhala Lachinayi lachiwiri la Okutobala. Namwino wa pachipatala chaching'ono ku Lobi kapena ku Kasinje azitha kuyeza maso ndi tchati chapakhoma, mlangizi wa zaumoyo akamalemba ana a katemera azifunsanso za agogo ali pakhonde, ndipo kalata yotumiza wodwala izikhala ndi tsiku lenileni ndi njira yoti akafikire.

Azakhali anga anachitidwa diso lamanja. Atawamatula bandeji anayang'ana mwana wawo wamkazi nthawi yaitali, n'kumufunsa kuti imvi zimenezi zinayamba liti. Lero amapita okha kumjigo ndipo anayambiranso kusankha nyemba pachipapa. Adokotala anawauza kuti abwerenso pakapita miyezi ingapo kuti adzachite lamanzere, chifukwa ndi diso limodzi munthu amavutika kuyeza kuya kwa dzenje ndi kutalika kwa mzere, ndipo nkhalamba ikagwa n'kuthyoka chiuno nkhani imakhala ina. Papita chaka ndi miyezi. Ulendo uliwonse ndikawakumbutsa amati, "Ndipita, mwana wanga, tingokumba kaye mbatatesi."